Detekita ikamalephera kumva makobidi apansi: poyambira kufufuza vuto

Amene angogula kumene detekita, makina aja ofufuzira zitsulo zokwiririka, kaya ndi kuno ku Angonia, ku Tsangano kapena ku Macanga, dandaulo lawo limakhala limodzi. Pakhonde makina amalira bwinobwino, khobidi ukalidutsitsa kutsogolo kwa koyilo, chimbale cha kumunsi kwa ndodo chija, akuti "piii" momveka. Ukafika nawo kumunda kapena pabwinja la agogo, mwina angoti zii tsiku lonse, mwina azingolira paliponse, iwe n'kukumba mpaka matuza m'manja koma chotola ndi misomali ndi zotsekera za mabotolo. Zikatero munthu amayamba kunena kuti anamugulitsa zakufa. Nthawi zina zimakhaladi choncho, ndipo tifikako, koma kawirikawiri makinawo amakhala alibe mlandu.

Choyamba kukonza ndi chiyembekezo chanu, akuluakulu. Detekita wamba, khobidi limodzi la msinkhu wa 10 metikali imalimva pa masentimita 15 mpaka 25, ndipo apo dothi likhale labwino. Makina apamwamba m'dothi lofatsa amatha kufika pa 30 kapena kupitirirako pang'ono. Kandalama kakang'ono ngati tiki yakale ija, mukakamva pa 15 muthokoze. Mamita atatu kapena asanu amene amalembedwa pakatoni, ngati silili bodza lamkunkhuniza, ndiye kuti akunena za chinthu chachikulu ngati mgolo, osati khobidi.

Chifukwa chake n'chakuti mphamvu imayenda maulendo awiri. Koyilo imatumiza mphamvu ya maginito pansi, mphamvuyo imadzutsa timagetsi m'chitsulo chimene chakwiririka, chitsulocho n'kubweza kamphamvu kake kumtunda. Popita imachepa, pobwera imachepanso. Khobidi likakhala kutali kuposa kukula kwa koyilo, kuya kukangowirikiza kawiri, zobwerera zimachepa pafupifupi ka 64. N'chifukwa chake kukweza Sensitivity, batani lowonjezera kumva kwa makina, mpaka kumapeto kumangokupatsani masentimita awiri kapena atatu, osati mita. Lamulo la pamanja limene ambiri timayendera ndi ili: khobidi limamveka mozama pafupifupi molingana ndi kukula kwa koyilo yanu. Koyilo ya mainchesi 11, amene ndi masentimita 28, malire ake ali cha pompo, ndipo dothi lathu limadulako ena. Choncho ntchito yonse ya m'munsimu ndi yobweza masentimita amene mukutaya, osati yosandutsa makina anu kukhala china.

Yesani kaye pakhomo

Musayambe kupotokola mabatani musanadziwe kuti makinawo amafika pati. Chokani m'nyumba, chifukwa malata, misomali ya denga ndi mawaya a magetsi zimasokoneza. Goneketsani detekita pampando wathabwa, koyilo ikhale mumpweya, muvule mphete ndi wotchi, muike rula yapulasitiki kutsogolo kwake n'kumadutsitsa khobidi chafulati, mukuliyendetsa uku ndi uku. Lembani pamene likusiyira kumveka. Likalephera kumveka ngakhale pa masentimita 10 mabatire ali atsopano, vuto lili m'makina kapena m'koyilo, ndipo kumunda musavutike n'kupitako.

Koma mumpweya si m'dothi. Pezani malo pakhomo opanda zitsulo, mukumbe timaenje totalikirana sitepe imodzi, ka masentimita 10, ka 15, ka 20 ndi ka 25. M'kadzenje kalikonse gonekani khobidi chafulati, bwezerani dothi n'kulipondaponda, muzikepo kamtengo kuti musaiwale. Kadimba kameneka ndiko kazikuuzani zoona nthawi iliyonse mukasintha batani. Dothi longokumba kumene silimveka mofanana ndendende ndi limene lakhazikika zaka zambiri, choncho mvula ikagwapo kangapo mudzayesenso.

Makina akamalira paliponse koyilo ikayandikira pansi

Ili ndiye vuto lalikulu m'chigawo cha Tete, ndipo limachokera m'dothi momwemo. Katondo wofiira wa kumtunda kuno kufiira kwakeko ndi chitsulo. Kumpoto kwa mzinda wa Tete ndi Moatize kuli miyala yakuda yolemera yokhala ndi magnetite wambiri, yomwe inachititsa kuti makampani abwere kudzafufuza mgodi wa chitsulo. M'mphepete mwa Zambezi ndi Revubwe mumapezeka mizeremizere ya mchenga wakuda. Zonsezi detekita imazimva, ndipo dothi limene lili pansi pa koyilo n'lochuluka kwambiri poyerekeza ndi khobidi limodzi. Zili ngati kumvetsera kulira kwa kamwanapiye uli m'chigayo: kukweza Sensitivity kumangowonjezera phokoso la chigayocho.

Kuti mudziwe dothi lanu, gwetsani sipika ya wailesi yakufa mutenge maginito ake. Akulungeni m'kajumbo n'kuwakhwekhwereza m'dothi louma lofumbutuka. Mukadzutsa n'kuona tiufa takuda taimirira pakajumbopo, dziwani kuti pamenepo simufika pa masentimita amene munapeza mumpweya. M'dothi loipa kwambiri mutha kutaya ngakhale theka.

Mankhwala ake ndi Ground Balance, batani lophunzitsa makina kuti asamalire chifukwa cha dothi, limene anthu ambiri salikhudza n'komwe chigulireni. Pezani malo amene simukumveka chitsulo chilichonse, dinani batanilo, muzikweza ndi kutsitsa koyilo molunjika, kuchokera pafupi ndi dothi kufika cha m'katikati mwa msongolo, mobwerezabwereza mpaka kulira kutakhazikika kapena makina atanena kuti atha. Mukachita izi pamwamba pa msomali wobisika ndiye kuti mwawaphunzitsa makinawo zolakwika, ndipo tsiku lonse aziyenda mokhota, choncho muyambe mwasesa malowo ndi koyilo, makina ali pa All Metal, pamene amalira pa chitsulo cha mtundu uliwonse. Dothi likasintha bwerezani. Munda umodzi womwewo umatha kukhala ndi katondo kumtunda ndi makande akuda kumunsi cha kudambo, ndipo zimene munatchera kumtunda kudamboko sizigwira.

Mukatha apo ndiye mukhudze Sensitivity. Kwezani pang'onopang'ono mpaka makina ayambe kutetema, kenako bwezani sitepe imodzi kapena ziwiri. Makina odekha amene ali pakatikati amakupezerani zambiri kuposa ofuula amene ali pamwamba, chifukwa khobidi lakuya limalira motsitsa kwambiri, ndipo pakati pa phokoso simungalizindikire.

Makina ena otsika mtengo alibiretu Ground Balance yoti mwini n'kusintha, anawatchereratu kufakitale potengera dothi lofatsa. Pa katondo wathu amenewa mungowachepetsa Sensitivity, mukweze koyilo pang'ono, n'kuvomereza kuti mufika masentimita ochepa.

Palinso miyala yonamiza. Imalira ngati pali kanthu, koma kulira kwake n'kotambalala, ndipo mukafuna kupeza pakati pake ndi Pinpoint, batani lolozera malo enieni a chinthu, kamangosunthasuntha kapena kuzimirira. Mukakumba simupeza chitsulo, mupeza kamwala kakuda kapena kofiirira, kolemera kuposa anzake. Kadutsitseni pa koyilo, kakalira kaponyeni kutali ndi pomwe mukufufuza. Ku Angonia kuno kumapezekanso graphite, ndipo naye amadutsitsa magetsi moti makina amamumva. Mumuzindikira chifukwa amadetsa zala ndipo amalemba papepala. Pamene panali uvuni wa njerwa, padzala la phulusa kapena pamene ankawotcherapo makala, moto unasintha chitsulo cha m'dothi kukhala chomvera maginito kwambiri, choncho zidutswa za njerwa zootcha nazo zimakuimitsani pachabe.

Akamalira ngakhale mwaimika koyilo m'mwamba

Apa dothi lilibe mlandu. Kwezani koyilo kufika m'chiuno, musaigwedeze. Ikamangoti "tititi" yokha, pali magetsi akusokoneza. Yang'anani mawaya a EDM, kampani ya magetsi ija, thiransifoma, nsanja ya mafoni, inverter ya sola, detekita ya mnzanu amene ali pafupi, ndiponso foni yanu yomwe m'thumba. Amene ali cha ku Songo ndi kumene kumadutsa mawaya akuluakulu ochokera ku Cahora Bassa akulidziwa bwino vutoli. Zimitsani foni, dinani Noise Cancel, batani lozembera magetsi osokonezawa, kapena musinthe tchanelo, zikakanika sunthani mamita 50 kapena 100 muone ngati zikusintha. Nyengo ya dzinja mphezi yakutali, ngakhale imene simukuimva kugunda, imachititsa makina kuthetheka. Ikayandikira longedzani muzipita, musaime pamtetete ndi ndodo yachitsulo m'manja.

Mukapita kuthengo kopanda waya aliyense koma akuchitabe, gwirani chingwe cha koyilo. Chikakhala cholendewera chimagwedezeka pamene mukusesa ndipo makina amachimva. Chikulungeni bwino kundodo, musiye kampata pang'ono kumunsi kuti koyilo izitha kupendekeka, mumangenso pulagi yake. Vulani chivindikiro cha pansi pa koyilo mugugude. Fumbi la katondo ndi mchenga wakuda zimaunjikana mmenemo mwakachetechete, ndiye mumakhala mukuyenda ndi dothi loipa kulikonse. Koyilo yong'aluka imene inalowa madzi imalira mukangoigunditsa paudzu, ndipo imeneyo n'njofunika kusintha basi. Onaninso kuphazi kwanu: jombo za kumgodi zokhala ndi chitsulo kutsogolo zakumbitsa anthu maenje ambiri.

Akamamva zosaya zokha

Kayikirani Discrimination, batani louza makina zitsulo zoti azizikana. Anthu akatopa ndi misomali amaikweza kwambiri kuti makina azingolira pa zabwino zokha. Vuto lake n'lakuti khobidi likakhala lakuya, nambala yosonyeza mtundu wa chitsulo imene imaoneka pasikirini siidalirika. Dothi limaikokera kumbali ya chitsulo chachabe, makina n'kulitaya mwakachetechete inu osadziwa. Nambala ija muziikhulupirira pa zinthu za pafupi. Zakuya muzidalira khutu. Yendani ndi All Metal kapena Discrimination yotsika kwambiri, ndipo kalikonse kolira motsitsa koma mobwereza malo amodzimodzi, mukasesa cha uku ndi cha uku, kumbani.

Muzidziwanso chimene mukufuna, chifukwa makobidi sanapangidwe ndi chitsulo chimodzi. Ma escudo a nthawi ya Apwitikizi analipo amkuwa, ena osakaniza mkuwa ndi nickel, ndipo a 10 ndi a 20 a m'ma 1950 anali ndi siliva. Siliva ndi mkuwa zimalira mokweza ndi moyera. Khobidi la bowo pakati la Rhodesia and Nyasaland, lija la njovu, limene makolo athu ankabwera nalo kuchokera kutsidya ndi ku Halale, nalonso ndi lamkuwa. Osakaniza ndi nickel amagwera pakatikati, limodzi ndi zidutswa za aluminiyamu, choncho mukatseka zinyalala za aluminiyamu nawonso mwawatseka. Metikali inayamba mu 1980, ndipo mu 2006 inachotsedwa maziro atatu n'kutuluka makobidi atsopano. Ambiri mwa atsopanowa m'kati mwake ndi chitsulo chongokutidwa pamwamba. Agunditseni pa maginito muone mmene akukakamirira. Oterewa nambala yake imadumphadumpha ngati ya chotsekera cha botolo. Ndiye ngati m'kadimba kanu koyesera munakwirira 1 metikali yatsopano n'kuona kuti makina akuikana, musafulumire kuwatukwana, kwiriraninso khobidi lakale lamkuwa mufananitse.

Kagonedwe ka khobidi nakonso n'kofunika. Logona chafulati limamveka patali; loima chammbali limaonetsa koyilo kamphepete kokha, ndipo limatha kusowa pa theka la kuya komwe lija. M'munda wolimidwa chaka ndi chaka makobidi ambiri ali chopendekeka.

Pabwinja vuto limakhala kuchuluka kwa zitsulo. Misomali, zidutswa za malata, makasu akutha, mawaya a njinga, zitini. Khobidi likagona pafupi ndi msomali, koyilo yaikulu imaona zonse pamodzi, msomali n'kuphimba khobidi. Pamalo otere koyilo yaing'ono imapeza zambiri kuposa yaikulu ngakhale siifika pansi kwambiri. Sesani pang'onopang'ono, mukamaliza mutembenuke musesenso chopingasa, ndipo zinyalala zimene mwafukula muziika m'thumba, musazibwezere m'dzenje. Ulendo wachiwiri pamalo omwewo nthawi zambiri ndi umene umatulutsa makobidi.

Dzanja lanu ndi mizere

Masentimita ambiri amatayikira pano. Sentimita iliyonse imene koyilo yakwera kuchoka padothi yachotsedwa pansi. Ambiri amasesa mogwedeza ngati akutchetcha, pakati koyilo ili pansi, kumapeto yanyamuka m'mwamba, ndiye mbali zonse ziwiri palibe chimene afufuza. Koyilo iziyenda chafulati, ikukhudza udzu, ulendo umodzi wochoka kumanzere kupita kumanja uzitenga masekondi awiri kapena kuposerapo, ndipo mzere wotsatira uzilowa theka m'mzere wapitawo. Mphamvu ya koyilo imafika pansi kwambiri chapakati pake pokha, choncho mukamatalikitsa masitepe, zakuya zimatsalira m'mipata.

Kulima kwathu kwa mizere kumasintha nkhani yonse. Mzere woungidwa bwino umakwera m'mwamba masentimita 20 kapena kuposa, kutanthauza kuti mukasesa pamwamba pake mphamvu yonse ya makina yathera m'dothi limene khasu launjika chaka chino. Sesani m'mbali zonse ziwiri za mzere, kenako mutsike pakati pa mizere pamene dothi lapalidwa; pamenepo mwayambira kale pansi. Ubwino wake n'ngwakuti chaka chamawa mizere idzagumulidwa n'kuungidwa pamene panali mpata, ndiye khobidi limene linali kutali lero likhoza kudzakhala pamwamba. Nthawi yabwino ndi mukatha kukolola ndi kusosa, kapena mvula yoyamba itangofewetsa nthaka mbewu zisanadzalidwe. Chinyezi chapakatikati chimathandiza m'dothi lofatsa, koma katondo akanyowa kwambiri phokoso limawonjezeka, mungafunike kuchitanso Ground Balance. Mu October cha ku Tete ndi Moatize, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, dothi limauma gwa, ndipo makina osiyidwa padzuwa sikirini yake imada, muziwasunga pamthunzi.

Mabatire ndi makutu

Mabatire otchipa a pamsika aja amene timaika m'tochi satha kupirira. Makina amayamba bwino, pakapita kanthawi mawu n'kuyamba kufooka ndi kusokonekera. Gulani a alkaline kapena otchaja abwino, musasakanize akale ndi atsopano, ndipo mukasunga makina muziwachotsa kuti asatayikire m'kati. Mahedifoni sawonjezera mphamvu ya makina, koma kamawu ka khobidi la pa masentimita 25 sikamveka pa sipika mphepo ikuwomba.

Mwina makinawo si a ntchito imeneyi

Madetekita ambiri afika m'chigawo chino kudzera kwa okumba golide a ku Chifunde, Macanga ndi Marávia. Makina a golide anapangidwa kuti azimva tinthu tating'onoting'ono. Mwachitsanzo Gold Monster 1000 ya Minelab imayenda pa 45 kHz, pamene Garrett ACE 250, yopangidwira makobidi, ili pa 6.5 kHz. Manambala a kHz amenewa ndi frikwensi, liwiro limene mphamvu ya koyilo imasinthasinthira. Frikwensi yotsika imakonda zinthu zokulirapo zamkuwa ndi siliva, yokwera imakonda timibulu ta golide ndipo pabwinja imalira pa kachidutswa kalikonse ka waya. Makina a mtundu wa PI, amene amatumiza mphamvu modukizadukiza, monga a GPX a Minelab, savutika kwambiri ndi dothi lachitsulo ndipo amafika pansi kuposa anzawo, koma sasiyanitsa bwino msomali ndi khobidi, ndiye konzekani kukumba chilichonse. Kwa munthu wofuna makobidi pa katondo, makina okhala ndi Ground Balance yosinthika, kapena amene amayendetsa mafrikwensi angapo nthawi imodzi, ndi amene ndingamulangize.

Achinyengo aliponso ambiri, okhala ndi dzina ndi utoto wa kampani yodziwika koma m'kati muli zina. Musagule musanayese ndi khobidi lanu, panja, padothi lenileni, ndipo nambala ya makinawo muitsimikize kwa kampani imene inawapanga. Koma tindodo tija tokhala ndi mlongoti wozungulira, timene amati timaloza siliva ali pa kilomita, ndalama zanu musataye. Kamlongotiko kamatsatira kupendekeka kwa dzanja la amene wagwira. Wogulitsa akalimbikira, kwirirani khobidi iye asakuona mumuuze alipeze.

Za mtsuko wa ndalama, ndi pamene muyenera kusiya kukumba

Ambiri chimene akufuna kwenikweni si khobidi limodzi ayi, ndi zimene agogo anakwirira pothawa nkhondo yapachiweniweni kupita ku Dedza ndi ku Ntcheu. Chinthu chachikulu chimamvekadi mozama: chitini chodzaza chingamveke pa theka la mita, chokulirapo mwina kuyandikira mita ngati koyilo ndi yaikulu. Koma makobidi omwazika mumtsuko wadothi salira ngati chitsulo chimodzi chachikulu, ndipo ngati anaikidwa m'chitini chachitsulo, makina amaona chitinicho, Discrimination n'kuchikana. Kusaka zoterezi kumafuna All Metal ndi kukumba zitsulo zikuluzikulu.

Apa ndiye pofunika kusamala kwambiri, chifukwa nkhondo yomweyo inasiyanso zina m'nthaka. Inatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo mu September 2015 dziko la Mozambique linalengeza kuti minda yonse yodziwika ya mabomba okwirira yachotsedwa, pambuyo pa ntchito ya mabungwe ngati HALO Trust ndi APOPO. Mawu akuti yodziwika muwamvetse. Mabomba a m'manja, zipolopolo zikuluzikulu ndi zida zobisidwa zimatulukabe apo ndi apo, makamaka pamene panali misasa ya asilikali, pamilatho, m'njira zakale ndi cha kumalire. Detekita yanu singakuuzeni kuti ichi n'chitini, ichi ndi bomba. Funsani akuluakulu a m'mudzi za mbiri ya malowo musanayatse makina. Chitsulo chachikulu musachitsikire ndi piki kapena khasu molunjika; yambani chapambali, muzipala pang'onopang'ono. Mukangoona chinthu chadzimbiri chobulungira, chokhala ndi zipsepse kumchira, kapena kawaya kotuluka m'dothi, musachigwire, musachigogode, musachikwirirenso. Bwererani mmene munadzera, ikani chizindikiro chapatali, mukanene kwa amfumu ndi kupolisi, ndipo ana asayandikireko.

Zonse zili bwino koma simukupezabe

Ngati m'kadimba koyesera makina akumva khobidi la pa 20 koma kumalo kumene mukufuna kuli zii, mwina palibe kanthu, mwina dothi launjikana pamwamba. M'zigwa za mitsinje madzi osefukira amasiya matope chaka ndi chaka. Pamene panagwa nyumba yadothi, zipupa zinaphimba pansi pakale. Pafupi ndi chulu chiswe chimakweza dothi. Pamalo otere, ngati ndi panu kapena mwini wakulolani, palani dothi la pamwamba masentimita 10 kapena 15 pakachigawo kakang'ono, musese dothi mwachotsalo, musesenso pansi pamene mwapalapo, mukatha mubwezere ndi kusalaza kuti ng'ombe isathyokepo mwendo.

Izi ndi za m'munda ndi pabwinja la kwanu. Kumanda ndi kudambwe musayerekeze n'komwe. Malo akale ngati mishoni ya Boroma, ya Lifidzi kapena linga la São Tiago Maior mumzinda wa Tete ndi otetezedwa. Lamulo nambala 10/88 la mu 1988 limateteza chuma cha mbiri ya dziko, ndipo Decreto 27/94 imafuna chilolezo cha boma munthu asanakumbe pofufuza zakale. Mukagwera mwangozi pa mulu wa makobidi akalekale, mikanda, mbiya zokwiririka kapena mafupa, lamulo limati mukadziwitse akuluakulu a boma amene ali pafupi, choncho siyani zili pomwepo mupite ku posto kapena kuofesi ya boma lanu.